Mano a Kamatama

Chipinda chimene make Kamatama ankagonamo ndi mwana wake chinali cha katundu, iwo anangobwerekamo malo. Makatoni anasanjikizana kuchokera pansi mpaka pawindo, moti kuti afike pabedi ankayenda chammbali ngati nkhanu. Windolo linali ndi zitsulo zopingasa. Ukasuzumira pansi unkaona denga la malata la shedi yokonzerako matayala, ndi msewu umene magalimoto ake sankatha.

Nyumbayo inali pamwamba pa mashopu, ndipo inali ya alamu ake, mlongo wamkulu wa mwamuna wake. Mwamunayo atapeza ntchito yoyendetsa chigalimoto chosalaza msewu kutali, kumene antchito amagona m'matenti, anamusiya kumeneko ali ndi pakati potopa. "Miyezi yochepa chabe," anatero. Mwana anabadwa, anayamba kuseka, anayamba kukhala pansi, masaya anatukumuka mpaka azakhali ake anamupatsa dzina loti Kamatama, koma miyezi yochepa ija inali isanathebe.

Alamuwo sanali munthu woipa, ndipo chimene chinkavuta n'chimenecho. Matewera ankagula ndi iwo, sopo ndi iwo. Akalowa m'nyumba, chikwama chisanafike n'komwe pansi, ankayamba kufuula, "Ali kuti bwana wanga wa masaya?" Ntchito yawo inali yogulitsa zinthu za makanda kudzera pafoni, ndipo zimene zinkayenda malonda kwambiri zinali ziwiri: mikanda yachikasu yovala m'khosi, imene ankati imakoka ululu wa mano, ndi madontho a m'timabotolo tofiirira. Madonthowo ankabwera m'chigubu chosalembedwa kanthu, kuchokera kwa munthu wina wake amene make Kamatama sanamuonepo. Wothira m'timabotolo anali make Kamatama yemweyo. Wotunga mikanda anali iyenso. Palibe anamuuza kuti azitero, koma sakanangokhala manja lende akudya za eni.

Pakhomo panali chitseko cha matabwa, kunja kwake geti ya zitsulo. Alamu akamapita kukapereka katundu ankakhoma getiyo ndi loko wamkulu n'kutenga kiyi. Akuba anawalowerapo kale masanasana, choncho pankhani ya loko sankamva za munthu. Kiyi wachiwiri anatayika kalekale, ndipo nthawi zonse ankati mawa adulitsa wina.

"Ukufuna kupita kuti ndi mwana dzuwa lonseli?" ankatero. "Madzi ali m'nyumba, chimbudzi chili m'nyumba. Ena amachita kulota moyo umenewu."

Kamatama atayamba kuchucha dovu n'kumaluma chilichonse chimene wagwira, alamu anamutsegula kukamwa, naona nkhama zitatupa, ndipo anavina pakati pa balaza.

"Mano, mlamu! Umboni wabwera wokha m'nyumba muno. Anthu amandifunsa kuti kodi munayesapo pa mwana wanu? Tsopano aona."

Tsiku lomwelo anamuveka mkanda, namukhazika pampando, namujambula. Chithunzicho chinayenda m'mafoni a anthu ndipo makatoni anayamba kutha msanga. M'mawa uliwonse Kamatama ankasambitsidwa, kudzozedwa mafuta, kujambulidwa. Akalira, ankamudonthezera madontho palilime.

Madonthowo ankagwiradi ntchito, ngati ntchito yake inali yogonetsa. Mwana amene anali akulira mpaka kusasa mawu ankangoti zii, maso n'kulemera, mutu n'kugwera paphewa. Make Kamatama ananunkhizapo kabotolo kamodzi. Fungo lake linali lotsekemera, koma pansi pake panali kena kake kolasa m'mphuno ngati mowa. Anangotseka kabotoloko. Anali atatopa mpaka mafupa, ndipo mwana akagona nayenso ankagona. Tulo timeneto ankatikonda, ndipo akadzuka ankachita nato manyazi.

Tsiku la sikelo ndi limene alamu ankamusiyira geti yotsegula. Namwino atamuyeza mwana, anakola mkanda uja ndi chala.

"Nanga ichi?"

"Ndi cha mano."

"Mayi, mkanda uli pakhosi sudziwa zimene zikuchitika m'kamwa. Koma ukadzakodwa penapake mwana ali m'tulo, kapena ulusi ukadzaduka iye n'kumeza umodzi, mudzalira. Muvuleni. Nkhama zikamamuyabwa, sambani m'manja muzimutikita ndi chala. Kapena munyowetse kansalu koyera m'madzi ozizira aziluma. Mano amamera okha, ife tonse tinadutsamo."

Za madontho make Kamatama sananene.

Madzulo ake, alamu akulongedza katundu patebulo, iye anayamba mozungulira. Anakamba za sikelo, za kulemera kwa mwana, kenako anati, "Koma anamwino akuti mkandawu ndi woopsa."

Manja a alamu anaima.

"Ndiye kuti ine ndikupha ana a anthu?"

"Ayi alamu, sindinatero."

"Watero. Mwamuna wakoyo ndinamulera ndine mayi athu atamwalira. Ndinamubereka kumbuyo kuno ndili kamtsikana. Wafa? Ali ndi mano ngati a bulu, amatsegula nawo mabotolo. Lero anamwino ako akudziwa kuposa ine? Akukusunga ndi iwowo?"

Make Kamatama anangoyang'ana pansi. Atalowa kuchipinda anaimbira mwamuna wake. Foni inkadukaduka, kumbuyo kukumveka injini.

"Mayi a mwana, chonde," anatero mwamunayo. "Tili pakhomo pa eni. Achemwali akakwiya, mukagona kuti? Kuno kulibe malo a mkazi. Ingowamverani, mano si matenda. Ndikabwera tikambirana."

Kuyambira pamenepo anayamba kuchita zake mobisa. Akangomva loko kuti khethe, mapazi a alamu akutsika masitepe, ankamuvula mwana mkanda n'kuubisa pansi pa pilo. Madontho amene amuuza kuti amupatse masana ankawathira m'sinki. Ankaika kansalu mufiliji n'kumupatsa kuti aziluma, ndipo nthawi zina zinkathandiza, nthawi zina ayi. Pamene sizinathandize ankamunyamula n'kumayenda naye kuchokera kukhitchini kukafika pageti, kuchokera pageti kubwerera kukhitchini, mpaka miyendo kuwawa. Kulira kwa mwana m'nyumba yotseka kulibe kolowera. Kumagunda khoma n'kubwerera m'mutu mwako.

Alamu sanachedwe kuzindikira. Tsiku lina anabwera msanga, napeza khosi la mwana lili mbee, mwana ali maso gwa, akulira. Sanakalipe. Anangopita kukatenga mkanda wina m'katoni, namuveka, n'kumanga mfundo imene sikanamasuka popanda lumo. Kuchokera tsiku limenelo madontho ankamupatsa okha asanatuluke.

Sabata yotsatira Kamatama anayamba kutentha thupi. Ankakana kudya, ankayamwa pang'ono n'kusiya, n'kumadzikanda kumbali kwa mutu.

"Ndi mano," anatero alamu. "Akamatuluka am'mwamba amatero."

Tsiku lotsatira thupi linali lotenthabe.

"Alamu, bwanji tipite naye kuchipatala?"

"Ukakhale pamzere tsiku lonse kuti akakuuze kuti mwana akumera mano? Dikira dzino lituluke, uona atazizira."

M'mawa wa tsiku lachitatu mwana analira mwa mtundu wina, kulira kobaya, kosalekeza. Alamu anali ndi katundu wambiri wokapereka kumbali ina ya tawuni. Anayang'ana mwanayo ndi nkhope yachisoni ndithu, namupsompsona pachipumi, namudonthezera madontho, kenako anawonjezera ena.

"Agone apume, wavutika bwana wanga," anatero. Loko anati khethe.

Mwana anagonadi. Make Kamatama anakhala pamphepete pa bedi, mbale ya mikanda pamiyendo, n'kumatunga. Dzuwa linakwera, chipinda chinatentha, fungo la makatoni linadzaza. Mabere ake anayamba kulemera ndi kuwawa, ndipo mpamene anazindikira kuti nthawi yoyamwa yadutsa kalekale.

Anamunyamula. Mwanayo anali wofewa ngati nsalu yonyowa, mutu ukugwera kumbuyo. Thupi linali moto. Anamuika kubere, koma milomo inangokhudza n'kusiya. Anamuitana, anamugwedeza, anamuwomba pang'ono patsaya. Maso anatseguka theka n'kutsekekanso. Papilo pamene panali mutu wake panali ponyowa, pachikasu, ndipo atamutembenuza anaona mafinya akutuluka m'khutu.

Mbale ya mikanda inagwa pansi. Anatenga lumo, nadula mkanda wa m'khosi uja, nathamangira kukhomo. Anatsegula chitseko cha matabwa, nagwira geti, naikoka ngati kuti lero ingamumvere chisoni.

Anaimbira alamu. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anaimbira mwamuna wake, koma mawu a mayi wa mufoni anamuuza kuti nambalayo sikupezeka. Anafuula kudzera m'zitsulo za geti, "Thandizeni! Alipo kodi?" Zitseko za anthu oyandikana nawo zinali zotseka, eni ake ali kuntchito. Mawu ake anatsika masitepe n'kukwera okha.

Anabwerera kuchipinda, nakankha makatoni, nakwera pabedi kuti afike pawindo. Pansi, bambo wa matayala anali atawerama, akumenya tayala la lole ndi chitsulo. Make Kamatama anali asanalankhulepo naye. Dazi lake ankalidziwa bwino kuposa nkhope. Anakuwa, koma makina opopera mpweya anali kulira, magalimoto akuliza mahutala. Anakuwanso mpaka pakhosi kuwawa. Munthuyo sanadzutse mutu.

Anatsika, natola mikanda yodzaza manja awiri, naiponya kudzera m'zitsulo. Inagwera padenga la malata ngati matalala. Bamboyo anadzidzimuka, natuluka m'shedi, nayang'ana kumwamba, dzanja lili pachipumi.

"Mwana!" anafuula make Kamatama. "Mwana wanga akufa! Anditsekera!"

Patapita kanthawi anamva mapazi olemera pamasitepe. Bamboyo anafika akupuma movutikira, ovolosi yake ili bii ndi mafuta. Anayang'ana loko, nayang'ana mayiyo.

"Kiyi ali kuti, mayi?"

"Apita naye alamu. Sakuyankha foni. Chonde bambo, thyolani."

Bamboyo anakanda dazi lake. "Loko wa eni ameneyu. Amayi aja ndimawadziwa pakamwa pawo. Kukasowa kanthu m'nyumbamu adzati ndine, apolisi adzandipeza pansipa ndili ndi nyundo m'manja." Anayang'ana m'mwamba. Pakati pa geti ndi khoma la pamwamba panali mpata woti katoni yaing'ono n'kudutsa. "Ndipatsireni mwanayo pamwambapa. Ndithamanga naye, chipatala si patali."

Make Kamatama anakoka mpando, nakwerapo, namukweza mwana mpaka pampatapo. Manja akuda a bamboyo anali akudikira mbali inayo. Anaona mutu wa mwana wake ukulendewera, kamwa lili yasa, ndipo zala zake zinakana kumasuka.

"Akakufunsani dzina lake mukati ndani?" anatero akulira. "Akakufunsani wamwa chiyani? Akadzuka akufuna bere?"

Anamutsitsa n'kumukumbatira. Bamboyo analowetsa dzanja m'zitsulo, nagwira kaphazi ka mwanayo. Nkhope yake inasintha. Anatsika masitepe mothamanga, nabwerera ndi sowo yodulira zitsulo.

Lokoyo anali wabwino, alamu sankagula zachabechabe. Sowo inkalira, fumbi la chitsulo likugwa pang'onopang'ono ngati mchere. Make Kamatama ananyowetsa thawulo n'kumamupukuta mwana pachipumi ndi m'khosi, akumuitana mayina onse amene anali nawo. Ankayang'ana kachifuwa kakukwera ndi kutsika, n'kuyang'ana loko, n'kuyang'ananso kachifuwa. Pakati pa ntchito mpeni wa sowo unathyoka. Bamboyo anatukwana, napepesa, natsikanso kukatenga wina. Nthawi imene anali pansi inali yaitali kuposa miyezi yonse imene make Kamatama anakhala m'nyumbamo. Anakhala pansi, msana atatsamira geti, mwana ali pamiyendo, osatha kupemphera, osatha kulira.

Loko atagwa, anangotola kabotolo kamodzi patebulo, natuluka wopanda nsapato. Bambo wa matayala anaima pakati pa msewu n'kuimitsa galimoto ya kasitomala wake.

Kuchipatala sanakhale pamzere. Namwino atangomuona mwanayo anamutenga m'manja mwake n'kulowa naye. Dokotala, mayi wamng'ono thupi wovala magalasi, anamuunika m'khutu, m'maso, namumvetsera pachifuwa.

"Watentha thupi kuyambira liti?"

"Dzana."

"Bwanji simunabwere?"

"Timati ndi mano."

"Mano satenthetsa thupi chonchi, mayi. Amayabwitsa nkhama, amachuchitsa dovu, amavutitsa tulo, basi. Mwanayu wadwala khutu, ndipo lakhala likumupweteka kwambiri. Koma tulo iti si ta khutu lokha. Mwamupatsa chiyani?"

Make Kamatama anatulutsa kabotolo. Dokotala anakatembenuza kufuna polembedwa, sanapeze. Anatsegula, nanunkhiza, nakwinya mphuno.

"Muli chiyani umu?"

"Sindikudziwa."

"Ngati inu simukudziwa, ine sindikudziwa, ndiye amene akudziwa ndi thupi la mwanayu lokha. Kulira ndi pakamwa pake, mayi. Mukamutseka pakamwa, akuuzani bwanji kuti khutu likuwawa?"

Mwanayo anamugoneka m'chipatala. Anamubaya dilipi pakadzanja, namupatsa mankhwala a khutu ndi otsitsa kutentha, namuuza make kuti azimuyang'anitsitsa kapumidwe. Dzuwa litapendeka Kamatama anatsegula maso, nakwinya nkhope, nalira. Make sanamutonthoze msanga. Anamusiya alire pang'ono, akumvetsera, kenako anamuika kubere ndipo mwanayo anakoka.

Alamu anafika madzulo. Mawu awo anamveka ali m'khonde, akufunsa kuti ndani wawathyolera loko, kuti nyumba yasiyidwa pululu katundu ali m'kati. Atalowa m'wodi n'kuona kadzanja komangidwa bandeji ndi chingwe cha dilipi, mawuwo anathera m'kamwa. Anakhala pampando wa pambali pa bedi, chikwama chili pamiyendo.

"Foni inali m'chikwama," anatero. "M'basi munali phokoso."

Make Kamatama anamufunditsa mwana nsalu.

"Akuti n'chiyani?"

"Khutu. Si mano. Ndipo madontho aja akuti asadzamwenso."

"Ana onse amene ndawagulitsira..."

"Alamu," anatero make Kamatama, "ndikutungirani mikanda, ndikuchapirani, ndikukoloperani m'nyumba. Koma chigubu chija sindidzachigwiranso. Ndipo pa mwana uyu pasadzafikenso kanthu. Mukafuna kundithamangitsa, ndithamangitseni."

Alamu anayang'ana kukhoma. Misozi inatsika, iwo osaipukuta. Anatambasula dzanja n'kugwira kaphazi ka Kamatama.

"Ndikuthamangitse upite kuti?" anatero.

Atawatulutsa m'chipatala anabwerera kunyumba yomwe ija, kuchipinda cha makatoni chomwe chija. Mwamuna wake anaimba, analira pafoni, nalonjeza kuti msewu ukangofika pamlatho apempha tchuthi adzafune nyumba yawoyawo. Za tsiku sananene.

Kamatama sanajambulidwenso. Alamu anayamba kugwiritsa ntchito zithunzi zakale. Chigubu anachisamutsira kuchipinda kwawo, ndipo ankathira okha m'timabotolo chitseko chili chotseka. Ankati munthu wawo wawatsimikizira kuti ndi zitsamba zokhazokha, vuto linali kuchulutsa. M'nyumbamo munkayankhulidwa zofunika zokha: mchere watha, madzi asiya, mwana wagona.

Loweruka lina kunabwera mayi wachitsikana kudzagula yekha pakhomo, mwana ali m'manja, akulira n'kumaluma chibakera chake. Maso a mayiyo anali ofiira ndi tulo. Alamu analowa kuchipinda kukatenga katundu, ndipo mlendoyo anaona Kamatama akukwawa pansi, timano tiwiri tili mbee.

"Si uyu wa pachithunzi uja? Ndinu mayi ake?" Anasendera pafupi. "Ndiuzeni zoona, amwali. Zimathandizadi?"

Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula. Phokoso la mapepala limene linkamveka m'katimo linasiya.

Make Kamatama anayang'ana ulusi umene unali m'manja mwake. Anayang'ana mwana wa mlendoyo, nagwira pachipumi pake. Panali pozizira bwino.

"Wangayu ndimamutikita nkhama ndi chala, ndikasamba m'manja," anatero motsitsa mawu. "Ndi kansalu kozizira. Mkanda ndinamuvula, madontho anandiletsa kuchipatala. Akadzatentha thupi musadzati ndi mano, mudzathamange naye."

Alamu anatuluka, kathumba kali m'manja. Mlendoyo anayang'ana uyu, nayang'ana uyo. Anachita manyazi kubwerera chimanjamanja atakwera masitepe onse aja, choncho anatenga mkanda, nati madontho adzawatenga ulendo wina. Mkandawo anauika m'chikwama, sanamuveke mwana.

Atapita, alamu anaika kabotolo kotsalako patebulo mwamphamvu, nalowa kukhitchini. Mapoto anayamba kugundana kuposa mmene ankafunikira. Tsiku limenelo sanamuyankhulenso, ndipo chakudya chitapsa anangomusiyira mbale yake pachitofu, yovundikira. Make Kamatama anadya ataimirira, Kamatama atamugwira mwendo, akumuluma bondo ndi timano take tatsopano.